Kapaipi ka pa Msomali

Pa msomali wa pakhomo la galaja yanga kuno ku El Alto
ndinapachikapo kapaipi ka labala, kotalika ngati chala.
Makasitomala amakayesa chithumwa.
Ndimangowasiya.

Kanachokera mu minibasi ya Saturnino Limachi, mlamu wanga,
yemwe m'mawa uliwonse amatsetsereka kuchoka ku La Ceja
mpaka pansi m'chigwa cha La Paz,
anthu khumi ndi asanu, matumba a mbatatesi padenga,
n'kubwereranso chitunda chonsecho pa giya yachiwiri.

Linali Lachiwiri, mwezi wa Juni, chisanu chikuluma zala,
pamene ndinaona timadontho titatu tobiriwira
pansi pa injini yake.
Ndinagwada, n'kukhudza, n'kununkhiza.
"Saturnino, kapaipi ka rediyeta kang'aluka.
Maboliviyano makumi awiri,
ndipo tiyi wako asanazizire ndikhala nditamaliza."
Iye anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana mzere wa anthu pa siteji.
"Hilaria, galimoto ikakalamba imatuluka thukuta. Mawa."

Mawa linafika. Iye sanafike.
Anagula chigubu, n'kumathira madzi m'mawa ndi masana
ngati wothirira dimba.
Sabata yachiwiri, kasingano koonetsa kutentha katayamba kukwera,
anakaphimba ndi chithunzi cha mwana wake wamkazi
kuti kasamamuyang'ane.
Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Loweruka lina, pakati peniponi pa chitunda,
phiri la Illimani lili mbee kumbuyo kwake,
boneti inafuka nthunzi ngati ketulo yoiwalika pamoto.
Injini inatsokomola kawiri, kenako zii.
Amayi a zipewa zozungulira anatsika ndi akatundu awo,
wina akuitanitsa ndalama yake, wina akungopukusa mutu,
ndipo m'mwamba timagalimoto ta pa chingwe
tinkadutsa mwakachetechete
titanyamula anthu amene akanakwera yake.

Anaibweretsa chokoka ngati ng'ombe yodwala.
Nditatsegula, mutu wa injini unali utapindika,
gasiketi itapsa,
oyilo atasakanikirana ndi madzi n'kusanduka tiyi wamkaka.
Mtengo ndinaulemba kuseri kwa katoni
chifukwa pakamwa panga panakana kuutchula:
zikwi zisanu ndi mazana anayi.
Manja anga sindinawawerengere. Mlamu ndi mlamu.

Masabata atatu minibasi ili pa miyala,
ngongole ya kubanki yokha ikuyendabe.
Mng'ono wanga Eulogia anagulitsa makina ake olukira majuzi,
ndipo Nayra, wa pa chithunzi uja,
anadikira chaka china kuti ayambe sukulu ya unamwino.

Saturnino sanalire.
Anatola kapaipi kaja m'fumbi,
n'kumakatembenuza kufuna pong'alukapo,
ndipo mng'aluwo sunafike ndi chikhadabo chomwe.
"Kameneka?" anatero. "Kameneka basi?"
Anandipatsira m'manja.
Sindinanene kuti paja ndinakuuza;
mawu amenewo sanadzutsepo galimoto.

Masiku ano akangomva kaphokoso,
ngakhale ka supuni yogwera pansi pa mpando,
amatulukira pano maso ali tong'o.
Ndimamuseka, n'kumuonera mabuleki ulere.

Koma usiku wathawu, ndikutseka galaja, mvula ili waa,
dontho linandigwera pakhosi, lozizira ngati sipanala.
Ndi pa lata lomwe lija,
ndakhala ndikuliona chiyambire Disembala,
pamwamba penipeni pa makina owotcherera zitsulo
amene sindinamalize n'kulipira komwe.
Ndinakankhirapo chidebe ndi phazi
ndipo ndinadzimva ndikunena, ndi liwu la mlamu wanga lenileni:
"Mawa."

Mphepo inalowa pakhomo,
kapaipi kanagwedera pa msomali.
Ndinaima kanthawi, makiyi ali m'manja,
kenako ndinakagogoda kwa a Ticona
kukabwereka makwerero.